Kachiwalo Kosunga Mchere M'thupi

Aphunzitsi, pafupi ndi impso iliyonse, kaya ya munthu kaya ya hatchi, pali kachiwalo kotchedwa adrenal. Maselo a m'kati mwake amatulutsa adrenaline, homoni yothamangitsa mtima pakagwa zoopsa. Kunja kwake kuli timagawo titatu ta maselo. Kapamwamba kamapanga aldosterone, yomwe imaletsa impso kutaya mchere wambiri. Mwa hatchi, maselo a kagawoka ndi aatali ndipo amandandana mopindika ngati uta.

Taganizirani munthu wokumba platinamu ku Rustenburg. Pansipo pamatentha, thukuta lili kamukamu, mchere n'kumatuluka nalo. Aldosterone imasunga mchere wotsalawo, koma madzi otayika singawabweze. N'chifukwa chake ayenera kumwa madzi pafupipafupi.

Ntchito: Jambulani kachiwaloka, musonyeze pamene homoni iliyonse imapangidwira.