Kodi Ana a mu Lilongwe Adzasewera Kuti?

Dzuwa likapendeka, mukadutsa m'timisewu ta ku Mtandire, kwa Chinsapo kapena kwa Mgona, mudzapeza anyamata akumenya mpira wachikulunga pakati pa njira. Magolo awo ndi njerwa ziwiri. Ikatulukira galimoto kapena kabaza, masewera amayamba aima, onse n'kuthawira m'mphepete mwa ngalande. Atsikana nawo amasewera fulaye kuseri kwa golosale mpaka mwini wake atawapirikitsa. Makolo ambiri timati ana a masiku ano ndi osamva, koma kodi bwalo tinawasiyira kuti?

Chodabwitsa n'chakuti Lilongwe ndi mzinda umene unayamba wajambulidwa papepala usanamangidwe. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Amene anajambula mapulani ankafuna mzinda wokhala pakati pa mitengo. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre anasiyapo nkhalango ija ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo madambo ambiri anawasiya dala osagawapo mapuloti.

Koma anthu anachuluka mofulumira kuposa mmene mapulaniwo akanathera kuwalandira. Pa kalembera wa 1966, mu Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Pofika 1977 anali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000. Ambiri mwa obwera kumenewo sanapeze malo m'madera ogawidwa mwadongosolo. Anagula kwa mafumu ndi kwa eni minda m'mphepete mwa mzinda, kumene aliyense amamanga mpaka m'malire, n'kusiya kanjira kongokwanira wilibala.

Bungwe lija linatsekedwa mu 1984, ndipo nkhani za malo mu mzindawu zinatsala m'manja mwa maofesi angapo. Malo opanda nyumba akasowa mwini woonekera, mathero ake tonse timawadziwa. Poyamba anthu amatayapo zinyalala. Kenaka wina amalimapo chimanga, wina amayamba kutsukirapo galimoto, wina amabweretsa kontena. Pakapita zaka zingapo mumangoona mpanda wa njerwa, ndipo palibenso amene amakumbukira kuti panali bwalo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Malo a paki amapezeka mosavuta nyumba zisanafike, pamene dera likadali minda ndipo mtengo wake uli wotsika. Anthu akangomanga, kuti mupeze ngakhale ekala imodzi mufunika kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi, zimene khonsolo iliyonse imaziopa. Choncho bwalo limene mwana wobadwa lero adzasewerepo ali ndi zaka 10 liyenera kuikidwa malire lero lomwe, kumadera ngati a ku Njewa, ku Chitedze ndi m'mbali mwa msewu wa ku Bunda kumene mzinda ukulowera. Mapulani a mzinda amene anakonzedwa mu 2010 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan anayang'ana mpaka chaka cha 2030, koma mtundu wobiriwira wa pamapu suletsa munthu kukumba maziko.

Ena amati paki ndi za anthu olemera. Ayi ndithu. Wolemera ali ndi kapinga kuseri kwa nyumba yake. Amene amavutika ndi banja la ana asanu lokhala m'zipinda ziwiri za lendi, makamaka mu Okutobala malata akatentha. Ndiponso dambo losiyidwa losamangidwa limamwa madzi a mvula. Mu Febuluwale 2017, Lingadzi atasefukira, mabanja a ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo amene nyumba zawo zinali kufupi ndi mtsinje anataya katundu wambiri. Nafenso timadziwa mmene bwalo lalikulu limasowera pa tsiku la Eid, pamene mzikiti sungathe kulandira khamu lonse.

Paki imodzi yaikulu pakati pa mzinda siikwanira, pakuti mayi wa ku Area 25 sangalipire minibasi ya ana anayi kuti akangokhala pamthunzi. Zofunika kwambiri ndi mabwalo ang'onoang'ono amene mwana angafikeko wapansi osaoloka msewu waukulu. Sipafunikanso zambiri: malire ozikidwa bwino, chikalata chosonyeza kuti malowo ndi a anthu onse, mibawa ndi mango m'mbali, ndi komiti ya m'dera yoti izitchetcha ndi kufunsa aliyense wobwera ndi tepi yoyezera. Mabwalo a sukulu nawonso angathandize ngati aphunzitsi ndi makolo atagwirizana zowatsegula Loweruka ndi Lamulungu.

Inu amene mukusunga ndalama zogulira puloti, mukapita kukaona malo mumafunsa za madzi, magetsi ndi msewu. Afunseninso ogulitsawo akuonetseni pamene asiya bwalo la ana, ndipo mukafikepo ndi miyendo yanu.