Khutu Limamva, Ubongo Umasankha

Mayi agona tulo tofa nato mvula ikugunda pa malata, koma khanda likangolira pang'ono, adzidzimuka. Chimamdzutsa nchiyani?

Makutu ndi maso amatumiza mauthenga ambirimbiri ku ubongo kudzera m'mitsempha, ndipo ubongo umasefa, nusamala ofunika okha. M'chaka cha 1953 Colin Cherry wa ku England anauza anthu kumvetsera nkhani ziŵiri nthaŵi imodzi, khutu liri lonse yakeyake. Potsata imodzi, inayo sanaigwire. Ambiri sanazindikire ngakhale pamene inasanduka Chijeremani. Mu 1959 Neville Moray anapeza kuti dzina la mwini nthaŵi zina limaloŵabe.

Choncho makolo, mwana wotanganidwa akapanda kuyankha, musafulumire kuthyola mkwapulo. Yambani mwamtchula dzina, akuyang'aneni, kenaka mumtume.