Mankhwala Olamula Khansa Kuti Idziphe: Gawo Lachitatu

M'gawo lapitalo tinasiyira pa navitoclax, mankhwala aja amene ankapha maselo a khansa koma n'kuphera limodzi timaselo tothandiza magazi kuundana pabala. Akatswiri sanagwe ulesi. Anawakonzanso kuti azilunjika puloteni imodzi yokha yotchedwa BCL-2, ndipo mankhwala atsopanowo anawatcha ABT-199.

Amene mwatipeza panjira, nkhani ili apa. Selo lililonse limabadwa ndi lamulo loti likawonongeka lidziphe lokha mwaulemu. Mu 1988, David Vaux ndi anzake ku Walter and Eliza Hall Institute mumzinda wa Melbourne, ku Australia, anapeza kuti ntchito ya BCL-2 ndi kutsekereza lamulolo. Mwa odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CLL, puloteniyi imachuluka kwambiri, moti maselo oyenera kufa amangokakamira moyo, n'kumaunjikana m'magazi, m'mafupa ndi m'mianabere ya m'khosi ndi m'khwapa.

Mu 2011 mankhwala a ABT-199 aja anayamba kuyesedwa pa anthu, ndipo Melbourne yemweyo anali m'gulu la malo oyesera, motsogozedwa ndi dokotala Andrew Roberts. Odwala ake anali oti mankhwala ena akanika. Atatu oyambirira anamwa kamodzi kokha. Maola 24 asanathe, zotsatira za magazi zinaonetsa kuti maselo a khansa akuphwasuka mwaunyinji. Zotupa zoti dokotala ankazigwira ndi zala zinayamba kuphwa.

Kunena zoona, apa aliyense akanavina. Koma vuto linabisala m'chipambano chomwecho.

Selo likafa silisowa ngati utsi ayi. Zam'kati mwake zimakhuthukira m'magazi: potaziyamu, fosifeti ndi zina zimene thupi limasandutsa asidi wa uric. Maselo akamafa pang'onopang'ono, impso zimasefa bwinobwino. Akafa ankhaninkhani tsiku limodzi, impso zimatsekeka, mkodzo umachepa, ndipo potaziyamu akakwera kwambiri mtima umasokonekera kagundidwe, mwinanso kuima kumene. N'chifukwa chake anamwino ankatenga magazi pafupipafupi, wodwala ali pa diripi, maso onse ali pa manambala ochokera ku labotale.

Madokotala anachepetsa mlingo woyambira kufika pa mamiligalamu 50. Zinaoneka ngati zatheka. Kenako wodwala wina impso zinasiya kugwira ntchito atangomwa mlingo wochepawo, mpaka anamuika pa makina osefa magazi. Odwala awiri anamwalira, osati ndi khansa, koma ndi kufa kwa khansayo.

Imfazi zitachitika, kampani ya AbbVie, imene inkapanga mankhwalawa, inaimitsa kulemba odwala atsopano a CLL m'kafukufukuyu. Patebulo panatsala funso lolemera: kodi mankhwala amphamvu chonchi angaperekedwe bwanji osapha amene akumuchiritsa, kapena angotayidwa basi? Panthawiyi n'kuti odwala ena opanda kwina kolowera akudikira panja.

Zimene akatswiri anagwirizana, tikumane m'gawo lachinayi.