Mwana Wamng'ono Sangadikire Masika

Cilala cikapita munda timabzalanso, koma zaka ziwiri zoyamba za mwana sizibwerera. Ndiyo nthawi imene ubongo ndi mafupa zimakula msanga, ndipo mwana akapinimbira pa msinkhu umenewu, nkovuta kuti adzakulenso bwino.

Conco tikupemphani: miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, osampatsa ngakhale madzi. Pambuyo pake muyambe kumpatsa phala lolimbirako lotsira nsinjiro, dzira kapena masamba, akuyamwabe kufikira zaka 2. Mimba yake ndi yaing'ono, motero azidya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, m'mbale yakeyake.

Muziceza naye ndi kumuimbira nyimbo. Mwezi uliwonse muzipita naye kusikelo. Ngati sakukwera sikelo, funsani anamwino tsiku lomwelo.