Kompyuta ili ku Mlare, katswiri ali ku Lilongwe

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Karonga ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Galimoto imadutsa Mzuzu, kutsika mapiri a Chiweta, kenako kumatsata nyanja. Isanafike pa boma imapeza Mlare, pomwe pali chipatala chaching'ono ndi sukulu ya sekondale. Unduna kapena bungwe loika makompyuta pamalo ngati amenewa limasangalala tsiku loperekera, koma mutu umadzayamba kuwawa pakapita miyezi. Pulogalamu yafunika kusinthidwa, apite ndani? Mafuta, alawansi ya dalaivala ndi katswiri, malo ogona, zonsezi chifukwa cha ntchito ya mphindi khumi.

N'chifukwa chake akatswiri a IT amaika mapulogalamu mwakachetechete. Mwachizolowezi, poika pulogalamu, kompyuta imafunsa mafunso: mwavomera malamulo athu? Tiyiike pati? Katswiri amayankhiratu mafunso onsewo m'fayilo, n'kutumiza pa netiweki. Pa Windows, fayilo ya mtundu wa MSI amaitsegula ndi lamulo la msiexec, n'kuwonjezera /qn, kutanthauza kuti pa sikirini pasaoneke kanthu. Mabungwe akuluakulu amagwiritsa ntchito zida za Microsoft monga Intune kapena Configuration Manager, zomwe zimatumiza lamulo limodzi ku makompyuta mazanamazana. Kalaliki amapitiriza kulemba osadziwa kuti pulogalamu yasintha.

Nzeru yosamalira makina ambiri kuchokera pamalo amodzi siyachilendo kuno. Mu 2001, Gerry Douglas adayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe pano ndi Kamuzu Central, ndipo ntchitoyo idakula pansi pa bungwe la Baobab Health Trust. Kapangidwe kake kadali kodziwa dziko: makina osadya magetsi ambiri, mabatire olandira magetsi akazima, ndi seva imodzi pachipatala yomwe makina onse amatengako pulogalamu. Ukakonza seva, wakonza chipatala chonse. Mu 2019, ntchito yosamalira mapulogalamu osunga mbiri ya omwe akumwa ma ARV idapita m'manja mwa bungwe la EGPAF. Mu 2017, kalembera wa chiphaso cha unzika adayenda ndi makina 2,000 okhala ndi sola ndipo adalemba anthu oposa 9 miliyoni. Ndondomeko ya BEFIT, yomwe idayamba mu 2023, ikugawa matabuleti m'sukulu za pulaimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Makina onsewa amafuna kusinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo ambiri ali kutali ndi owasamalira.

Vuto lake n'lakuti pulogalamu yolowa mwakachetechete imalepheranso mwakachetechete. Chomwe imasiya ndi nambala. Ikabweza 0, zayenda. Ikabweza 3010, zayendanso koma kompyuta ikufunika kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndipo katswiri wosazolowera amaiwerenga ngati kulephera n'kutumizanso fayilo yomweyo, bando n'kumatha. Nambala 1618 ikutanthauza kuti pulogalamu ina ikuikidwa kale, tadikirani. Yosowetsa tulo ndi 1603, yomwe imangonena kuti pachitika vuto lalikulu osatchula vutolo. Mwina malo atha mu kompyuta, mwina pulogalamu yakale yakana kuchoka, mwina chilolezo chasowa. Wochenjera amalamula msiexec kuti izilemba chilichonse chomwe ikuchita m'fayilo yapadera, ndipo zikavuta amafufuza m'menemo mawu oti Return value 3. Chomwe chalakwika chimakhala m'mizere ya pamwamba pake.

Palinso msampha womwe umakola ngakhale odziwa ntchito. Katswiri amayesa fayilo pa kompyuta yake, atalowa ndi dzina lake, ndipo imayenda bwinobwino. Koma Intune kapena Configuration Manager nthawi zambiri zimaika pulogalamu kudzera pa akaunti ya SYSTEM, yomwe siona mafoda a pa netiweki omwe munthu uja amaona. Ngati pulogalamuyo yatulutsa funso limodzi lomwe adaiwala kuyankhiratu, funsolo limatulukira kosaoneka, n'kumadikira yankho mpaka nthawi kutha.

Zonsezi zimachitikanso ku London. Za ku Mlare n'zowonjezera. Magetsi akazima fayilo ili pakati, kompyuta imatha kutsala ndi theka la pulogalamu yakale ndi theka la yatsopano. Boma la Karonga lili ndi siteshoni ya magetsi ya Wovwe, koma mphamvu yake ndi ya mamegawati osapitirira 5, ndipo mkuntho wa Ana utawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kutentha kwa kunyanja ndi fumbi zimazimitsa makina osapuma bwino. Pa kompyuta zakale, kabatire kakang'ono kosunga nthawi kakafa, deti limabwerera m'mbuyo zaka zingapo ndipo seva imakana kulankhula nayo. Ku likulu amangoona kuti kompyutayo siinayankhe. Nanga makompyuta khumi akamakoka fayilo imodzimodzi pa bando ya TNM kapena Airtel? Njira yabwino n'kukoka kamodzi n'kugawana pa netiweki ya pamalopo, kapena kutumiza fulashi, bola isakhale yomwe yazungulira m'malo okopera nyimbo.

Kutumiza kwa onse nthawi imodzi ndiye koopsa kuposa zonse. Pa 19 Julaye 2024, kampani ya CrowdStrike idatumiza fayilo yolakwika mwakachetechete, ndipo malinga ndi Microsoft, makompyuta 8.5 miliyoni adakana kuyaka. Ndege zidalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zidasokonezeka. Kampaniyo idachotsa fayiloyo pasanathe maola awiri, koma makina omwe adaimeza kale ambiri adafuna munthu wokhala pampando n'kuifufuta ndi manja. Mlimi wa ng'ombe wa ku Karonga sangathire mankhwala atsopano m'khola lonse asanayese pa ziwiri zitatu. Nawonso akatswiri ayenera kuyamba ndi makompyuta ochepa, ndipo m'gulu loyesereralo mukhale imodzi yakale, ya kumudzi, yodalira sola, osati za mu ofesi ya ku Capital Hill zokhazokha.

Nkhaniyi yafika povuta chifukwa Microsoft idasiya kupereka kwaulere zigamba za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale operekedwa ngati mphatso alibe kachipangizo ka TPM 2.0 komwe Windows 11 imafuna. Amenewa palibe lamulo lochokera ku Lilongwe lomwe lingawakonze.

Maunduna ndi mabungwe ogula makina aziika m'bajeti mabatire, bando ndi maphunziro a mphunzitsi kapena kalaliki mmodzi pamalo alionse, woti azitha kuwerenga nambala ya vuto n'kuitumiza pa foni kwa katswiri.