Za Umisiri Wojambula Zithunzi: Mau kwa Makolo a ku Uliwa

Makolo ambiri a kuno ku Uliwa, ndi a ku Chilumba ndi ku Hara omwe, akhala alikutifunsa mau amodzimodzi: kodi kujambula zithunzi ndi nchito yoti mwana nkuiphunzira monga ukalipentala kapena utelala, kapena ndi masewera chabe a anyamata othawa khasu ndi nkhafi? Funso limeneli nloyenera, pakuti masiku ano lamya ya m'manja iri m'matumba a anthu ambiri, ndipo lamya zochuluka ziri ndi diso lojambulira. Munthu angayese kuti pamene onse alikujambula, wojambula wolipidwa alibenso malo. Ife tiona mwina. Nkhwangwa iri m'nyumba iri yonse, koma amisiri osema bwato loti munthu nkuyenda nalo pa nyanja nthawi ya mwera ngowerengeka.

Luso limeneli silinabwere dzulo. Linalengezedwa ku Paris m'chaka cha 1839, pamene Louis Daguerre anaonetsa njira yache yogwirira chithunzi pa chitsulo chopakidwa siliva. Patapita zaka 20, Dr John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858 kufikira 1863, anali kujambula kale m'maiko athu ano, atasenzetsa anthu bokosi lolemera ndi mabotolo a mankhwala otsukira. Koma munthu amene tifuna kuti ana athu amdziwe ndiye Mungo Murray Chisuse, mwana wa dziko lino, amene anali mmisiri wosindikiza mabuku pa Mishoni ya ku Blantyre. Iyeyu anaoloka nyanja yaikulu nakaphunzira nchito ya makina osindikizira ku Edinburgh, ndipo pambuyo pache anatchuka ndi kujambula zithunzi. Mmodzi wa anthu amene anajambulitsa kwa iye anali John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu.

Taonani tsono chimene Chilembwe anafuna. Iye anali ndi abwenzi ku America amene anali kuthandiza nchito yache, ndipo anafuna kuti iwowo aone ndi maso ao anthu akuda obvala mwaulemu, ana a sukulu oima m'mizere, ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa chomangidwa ndi manja a eni dziko. Wojambula anamva cholinga chimenecho, naimika anthu monga anayenera kuima. M'chaka cha 1915, itatha nkhondo ya Chilembwe, boma linagumula tchalitchi chija ndi wonga, ndipo mwini wache anaikidwa m'manda osadziwika. Zimene zinatsala ndizo zithunzi. Nkhope imene mumaiona pa ndalama ya K500 ndi ya K2000 tikadaidziwa bwanji, pakadapanda anthu odziwa kugwira kamera m'masiku amenewo?

Nchito ya wojambula iri pawiri. Pali kujambula m'nyumba yokonzedwera zimenezo, imene aitcha situdiyo, m'mene mmisiri alamulira yekha kuwala, nsalu ya kumbuyo ndi mpando. Ndiponso pali kujambula kunja, kumene mwini nchito amuitanira, kaya ku ukwati, kaya ku munda, kaya ku doko, kumene dzuwa ndi mphepo sizimvera munthu. Za m'situdiyo tiphunzira bwino kwa Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Iye anayamba ndi ukalipentala pambali pa atate wache. M'chaka cha 1935 mbale wa makolo ache anampatsa kamera yaing'ono ya Kodak Brownie, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo pabwalo la kwao. Nsalu yache yoyamba ya kumbuyo inali yofunda pa kama wache. Anasunga masuti, zipewa, wochi ndi wailesi zobwereketsa kwa amene anafuna kuoneka olemera pa chithunzi chotumiza kwa abale akutali, ndipo pofuna kusunga filimu, kawirikawiri anali kujambula munthu kamodzi kokha. Kamodzi! Chotero asanadinde anali kuyamba wayang'anitsitsa munthuyo, namtembenuza phewa pang'ono, namuikira manja pabwino, nakonza makwinya a nsalu. Mnzache Malick Sidibé, wa mumzinda womwewo, anaphunzira nchito pa mmisiri wa Chifalansa kuyambira 1955, natchuka ndi zithunzi za kunja, pakuti anali kuyenda pa njinga usiku kutsata magule ndi maphwando a achinyamata. Mu 2007 analandira mphotho yaikulu ya Golden Lion ku Venice. Onse awiriwa anali amisiri a malipiro, ojambula zimene anansi ao anapempha.

Phunziro loyamba la wophunzira ndilo kuwala, ndipo pano tichedwepo, chifukwa dziko lathu liri ndi makhalidwe ache. Nyanja iri kum'mawa kwathu, mapiri a Nyika ali kumadzulo. Akwati ambiri afuna kuti nyanja ioneke kumbuyo kwao. Mukawaimika chotero m'mawa, dzuwa liri kumsana kwao ndipo madzi alikunyezimira ngati kalirole. Chotulukapo ndi mithunzi iwiri yakuda bii, yopanda maso. Masana dzuwa liri pamutu, nkhope ichita maenje a mdima pansi pa zikope ndi pa chibwano, anthu natsinzina ngati alikudya bwemba. Nthawi yabwino ndiyo ya kumadzulo, pamene dzuwa lapendeka nkumaomba nkhope mofatsa, madzi ali obiriwira kumbuyo. Koma nthawiyo njaifupi, popeza dzuwa lilowa msanga kuseri kwa mapiri. Wojambula wochedwa kutsutsana ndi ankhoswe za galimoto apeza kuti kuwala kwamthawa. Ngati mwambo sulola kudikira, mmisiri aimika anthu pa mthunzi wa mtengo wa mango, mnyamata wache nagwira chinsalu choyera kapena chikatoni chomatidwa pepala lonyezimira, kuti abwezere kuwala kumaso.

Pali chinthu chinanso chimene osaphunzira sachidziwa. Kamera iyesa kuwala kwa zonse ziri patsogolo pache, niyesetsa kuti chithunzi chisayere kwambiri, chisadenso kwambiri. Tsono ikaona diresi loyera la mkwatibwi, kapena malaya a ana olandira Ukaristia koyamba, iganiza kuti kwawala mopitirira, nichepetsa kuwala. Diresi lioneka bwino, koma nkhope ya mwana wathu izimirira. Bvuto limeneli nlakale: kwa zaka zambiri mafilimu a mitundumitundu anali kuyesedwa pa khungu la Azungu, ndipo otsuka zithunzi anali kulinganiza makina ao ndi chithunzi cha mkazi wachizungu. Wophunzira wabwino adziwa kuyesa kuwala pa nkhope, osati pa chobvala, ndi kuuza kamera chochita m'malo moilola kudzisankhira. Aphunziranso za chitseko cha kamera, chimene chitseguka ndi kutsekeka m'kamphindi. Nkhalamba yokhala phee pa mpando ijambulika ndi gawo limodzi la magawo 125 a sekondi. Koma anyamata obvina malipenga, miyendo iri m'mwamba, afuna gawo limodzi la magawo 500 kapena kuposapo, ngati simufuna kuti miyendoyo ioneke ngati utsi.

M'tchalitchi muli mdima pang'ono, ndipo muli mwambo. Taonapo ojambula ena akukwera mpaka pa guwa, nang'animitsa getsi lao m'maso mwa wansembe pa nthawi yopatulika, naima pakati pa mkwati ndi makolo ache kotero kuti amai a mkwatibwi anaona msana wa mlendo m'malo mwa mphete. Mmisiri wophunzitsidwa afika Misa isanayambe, napempha kwa Bambo Mfumu malo oima, nadziwiratu dongosolo la mwambo, kuti pofika nthawi ya malumbiro akhale ali kale pamalo pache.

Phunziro lachiwiri, limene ife tiliyesa lalikulu koposa, ndilo kumva chimene mwini nchito afuna. Akulu anati safunsa anadya phula. Anthu abwera ndi zosowa zosiyana. Wofuna chithunzi cha pasipoti kapena cha mayeso a sukulu afuna chotsata malamulo a ofesi: nkhope yolunjika, kumbuyo kopanda maluwa, muyeso wache weniweni, mukachikometsera mwa nzeru zanu, achibweza, mwana nataya ndalama za ulendo wa ku boma. Wogulitsa mpunga wa Kilombero afuna kuti wogula wa ku Lilongwe aone pa lamya yache kutalika ndi kuyera kwa njere. Pamenepo nkhope ya mwini thumba iribe nchito. Mwini nyumba ya alendo m'mbali mwa nyanja afuna zipinda zioneke zowala, koma zisanamize mlendo. Banja losonkhana pa Khirisimasi lifuna kuti agogo akhale pakati, ndi kuti mkamwini asaimikidwe phewa ndi phewa ndi apongozi ache. Zotere sizilembedwa m'buku la kamera. Azidziwa ndiye wofunsa ndi wodziwa mwambo wa mudzi. Chifukwa chache mmisiri akhala pansi ndi mwini nchito tsiku lisanafike, nalemba m'kabuku: zithunzi zingati, za kukula kotani, zotsukidwa pa pepala kapena zotumiza pa lamya, abale ati amene sayenera kusowapo, mtengo wache, chikole, ndi tsiku lodzazitenga.

Mpando ukathyoka kalipentala aukhomanso, diresi likathina telala alimasula. Koma ukwati suchitika kawiri. Tidziwa banja lina la kufupi kuno limene linaitana mnyamata wa kamera yobwereka. Anajambula tsiku lonse, nasunga zonse pa kakhadi kamodzi. Kakhadiko kanaonongeka asanatsitse kanthu. Agogo a mkwatibwi, amene anabvina tsiku limenelo ndi ndodo yao, anamwalira dzinja lotsatira, ndipo palibe chithunzi chao ngakhale chimodzi choti adzukulu adzaone. Wophunzitsidwa anyamula mabatire awiri ndi makhadi awiri, ndipo sagona asanasunge zithunzi pa malo awiri osiyana.

Tinenenso za chinsinsi. Lamulo la dziko lino loteteza nchito za aluso, la chaka cha 2016, liwerengera zithunzi pamodzi ndi nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la COSOMA ndilo liyang'anira zimenezi. Chotero wojambula ali ndi ufulu pa nchito yache. Koma nkhope njamwini. Kuika chithunzi cha mwana wa munthu, kapena cha wodwala, kapena cha maliro, pa Facebook kapena pa WhatsApp osapempha, pofuna kudzitchukitsa, ndi kupanda ulemu. Ndipo m'dera laling'ono ngati lathu mbiri yotere iyenda msanga kuposa minibasi ya ku Mzuzu.

Nanga mwana akaphunzire kuti? Dera lathu lidziwa kale za maphunziro a manja. Kuyambira 1894 Dr Robert Laws, pa phiri la Khondowe limene tiliona kumwera, anali kuphunzitsa anyamata ukalipentala, kumanga, kusindikiza ndi kutumiza telegalafu, ndipo wophunzira anali kumangidwa ndi pangano la zaka zingapo pansi pa mmisiri. Ku Karonga kuli sukulu ya umisiri ya Miracle, ya Abulazala a Marianist, ndipo pa Ngara, panjira ya ku boma, pali koleji ya umisiri imene inatsegulidwa mu 2015. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, ndilo liyang'anira maphunziro a umisiri m'dziko lonse. Kholo liyenera kufunsa kumeneko sukulu zobvomerezeka zophunzitsa kujambula, lisanapereke ndalama kwa munthu wongopachika chikwangwani. Njira ina ndiyo yakale ija, imene anayenda Sidibé: kumpereka mwana kwa mmisiri wa situdiyo, ku Karonga kapena ku Mzuzu, kuti anyamule zikwama, agwire chinsalu chobwezera kuwala, asese, aone. Mukatero, panganani poyera: miyezi ingati, adzadya kuti, ndi liti adzaloledwa kugwira kamera yekha. Pemphani kuona zithunzi za mmisiriyo, makamaka za anthu obvala zoyera. Atsikana asatsalire, pa chilangizo cha mkwatibwi ndi m'chipinda chobvalira mwamuna saloledwa, ndipo kumeneko nchito idikira mkazi.

Sitikubisirani kuti phindu lache liyenda ndi nyengo. Maukwati achuluka anthu atakolola mpunga ndi kugulitsa; m'miyezi ya mvula wojambula akhoza kukhala masabata osaitanidwa, pamene lendi ya chipinda siidikira. Kamera yabwino njodula, pfumbi ndi chinyontho cha kunyanja ziononga magalasi ache, ndipo magetsi akazima makina otsukira aima. Nchifukwa chache amisiri ambiri aphatikiza kujambula ndi fotokope, kulemba makalata pa kompyuta, kusindikiza makadi a ukwati ndi kujambula kanema. Mwana wosadziwa kuwerengera mtengo wa pepala, inki ndi ulendo adzagwira nchito yokoma nabwerera kwanu kudzapempha sopo.

Musanagulitse ng'ombe, muyeseni mwanayo. Mbwerekereni lamya kwa sabata imodzi, nimumtume ajambule agogo ache katatu, m'mawa, masana ndi madzulo, ndiponso asodzi pokoka usipa ku doko la Chilumba, atayamba wawapempha. Asankhe yekha zithunzi zisanu, mukazitsukitse pa pepala, ndipo akufotokozereni chifukwa chache anasiya zinazo.