"Amaonako": mawu a pakati pa kuona ndi khungu

Ambiri a ife amene tinaphunzira za zilankhulo tinalidziwira liwu loti khungu m'phunziro la kukweza ndi kutsitsa mawu. Mphunzitsi amalilemba kawiri pabolodi n'kunena kuti tiwerenge. Mukakweza mawu pa phatikizo loyamba mukunena kusaona, mukapanda kukweza pamenepo mukunena chikopa cha munthu. Kenaka timadumphira ku mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, phunziro n'kupitirira. Pano tiima pa khungu loyambalo, chifukwa mmene timaligwiritsira ntchito zimakhudza ngati munthu apita kuchipatala kapena angokhala pakhonde.

M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku timagawa anthu pawiri: oona ndi osaona. Kuno ku Mzuzu, kumene Chichewa chimayendera limodzi ndi Chitumbuka, mumvanso liwu loti wachibulumutira, ndipo nalo limaloza kumapeto komweko, kwa munthu amene maso ake anatheratu. Koma madokotala sagawa choncho. Amayeza ndi tchati cha zilembo chija, n'kulemba manambala awiri. Akalemba 6/18, ndiye kuti chimene diso labwino limachiona pa mtunda wa mamita 18, inu mumachiona mukayandikira kufika pa mamita 6. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati amene diso lake loona bwino silifika pa 6/18 ali ndi vuto lalikulu ndithu, amene silifika pa 6/60 ali ndi vuto lalikulu kwambiri, ndipo khungu limayambira pa amene silifika pa 3/60. Onani bwino apa: ngakhale m'gulu lomalizali muli anthu ambiri amene amasiyanitsa usana ndi usiku, amaona pomwe pali windo, ena amawerenga zala zikakhala pafupi ndi nkhope. Amene ali mumdima weniweni ndi ochepa.

Ochuluka ali pakatipo. Lipoti la WHO la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kaonedwe, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vutolo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, ndipo pafupifupi theka la iwowo amavutika kuona. Funso la kalembera silinali loti "kodi ndinu wakhungu?" Linali la kuvutika kuona. Likanakhala loyambalo, ambiri akanagwedeza mutu kukana, ndipo sakanakhala akunama.

Kodi Chichewa chilibe mawu a pakatipo? Chili nawo, kungoti sitiwatenga ngati mawu a zaumoyo. Tengani kamphatikira kakang'ono ka -ko. "Agogo amaona" ndi "agogo amaonako" si chiganizo chimodzi. Chachiwiricho chikuvomereza kuti kuona kulipo koma n'kopereŵera, ndendende chimene manambala aja akufuna kunena. Palinso "ndikuona mwachimbuuzi", "maso achita mdima", "ndimaonera pafupi", "kukada basi sindiyenda". Chilichonse mwa izi chikuloza kosiyana. Chimbuuzi chobwera pang'onopang'ono mwa munthu wachikulire nthawi zambiri chimakhala ng'ala. Mwana woonera pafupi, amene amafinya maso poyang'ana pabolodi, mwina akungofunika magalasi. Mayi wa zaka zopitirira 40 amene wayamba kutalikitsa foni powerenga uthenga, kapena kuitana mdzukulu kuti amulowetsere ulusi pasingano, akufunika magalasi owerengera, omwe ndi otchipa poyerekeza ndi ntchito yosoka imene angaisiye.

Liwu loti ng'ala ndi lamwayi, chifukwa aliyense amalidziwa. Vuto lake ndi mawu amene timaliphatikiza nawo: "ndi ukalamba umenewo". Chiganizo chimenechi chimatseka nkhani. Pomwe ng'ala, imene ili patsogolo pa zoyambitsa khungu mwa achikulire m'Malawi muno, imachoka ndi opaleshoni yaifupi. Dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu n'kuikamo kena, ndipo nthawi zambiri bandeji imachotsedwa mawa lake. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chili ndi gawo la maso, monganso Nkhoma ndi chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre. Ku Luwinga, Yunivesite ya Mzuzu inayamba mu 2008 kuphunzitsa akatswiri oyeza maso ndi kulemba magalasi.

Glaucoma ndiye ilibe mwayi umenewu. Ilibe dzina lachichewa limene tonse tinagwirizana, sipweteka kawirikawiri, ndipo imayamba kudya kaonedwe ka m'mbali, pakati n'kusiya pali bwino. Munthu amangoti akugunda zinthu, njinga yamutulukira osaiona. Akamadzati "sindikuona", mtsempha wa diso unaonongeka kale ndipo subwerera. Matenda a shuga nawo amaononga maso mwakachetechete chimodzimodzi. Trachoma yokha ndiyo ili ndi nkhani yabwino: mu 2022 WHO inatsimikiza kuti Malawi wathana nayo ngati vuto la dziko, kukhala woyamba kumwera kwa Africa.

Kusukulu kugawa pawiri kuja kumapweteka kwambiri. Mwana wosaoneratu amadziwika msanga, ndipo akachita mwayi amapita kumalo ngati sukulu ya ana osaona ya ku Ekwendeni, kumpoto pang'ono kwa Mzuzu, kukaphunzira zilembo za Braille za timadontho 6 tija. Aphunzitsi a maphunziro otere amasulidwa ku Montfort ku Chiradzulu. Koma mwana amene "amaonako" amakhala m'kalasi wamba, kumbuyo, akukopera zolakwika, ndipo dzina limene amalandira ndi loti waulesi kapena wogona. Ana ambiri achialubino ali m'gulu limeneli. Chimene akufuna si Braille ayi, koma mpando wakutsogolo, zilembo zikuluzikulu ndi choko choonekera bwino.

Pa nkhani ya ulemu, masiku ano mabungwe ngati Malawi Union of the Blind ndiponso mawailesi amakonda "munthu wosaona" kapena "anthu a vuto losaona" kusiyana ndi "wakhungu". Ine ndimaona kuti liwu loti wakhungu palokha si chipongwe. Limasanduka chipongwe likalowa m'malo mwa dzina, ngati mmene ena amanenera "wakhungu uja" za munthu amene dzina lake akulidziwa bwinobwino. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, koma amene anamvera nyimbo zake pa wailesi amamutchula ndi dzina. Chimene chimandivuta ine ndi fanizo: tikati wina "wachita khungu" potanthauza kuti ndi wopusa kapena wouma mutu, tikubwereka thupi la anzathu kuti titukwanire wina.

Ena amapitirira muyeso n'kuyamba kuopa mneni woti kuona. Amafuna kutsanzika, lilime n'kukodwa pa "tionana". Musadandaule nazo. Mu Chichewa kuonana ndi kukumana, monga "mwaonatu" amatanthauza "mwamvetsa", ndipo anthu osaona amanena "tionana mawa" ngati wina aliyense.